Kodi ma peptide angachedwetsedi ukalamba wa maselo kwa ife amene tinasiya kusamba?

Nangozo_52
Moni nonse amayi ndi abambo a pagulu lino. Ndili ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere kwa masabata atatu tsopano, ndipo ndikupempha amene mukudziwa bwino kuti mundithandize maganizo. Ndili ndi zaka 52, ndimakhala ku Zomba, ndipo papita chaka ndi miyezi inayi chisiyireni kusamba. Kuyambira nthawi imeneyo ndimadzidzimuka pakati pa usiku thukuta lili kamukamu, m'mawa mawondo ndi zala zimapweteka, khungu lauma, ndipo kuntchito ndayamba kuiwala zinthu zimene kale sindinkaiwala. Mnzanga wina amene amaoda katundu ku Johannesburg wandibweretsera zinthu ziwiri. Choyamba ndi ufa wa collagen peptides wosungunulira m'madzi kapena mu tiyi. Chachiwiri ndi timabotolo ta jakisoni wotchedwa Epitalon, amene akuti amatalikitsa moyo wa maselo a m'thupi kotero kuti ukalamba umachedwa. Pa timabotolopo palembedwa m'Chingerezi kuti mankhwalawo ndi a kafukufuku basi, osati oti munthu agwiritse ntchito, koma mnzangayo akuti mawu amenewo amangolembedwa kuti katundu asavute pa malire. Mtengo wa zonse pamodzi pa mwezi ukuposa wa thumba la feteleza. Ufawo ndatenga koma sindinautsegule, ndipo za jakisoni ndamuuza kuti ndiyambe ndafunsa. Kodi alipo amene anagwiritsapo ntchito zimenezi, ndipo kodi n'zoona kuti zimachedwetsa ukalamba?

MayiWaAtatu
Pepani ndi zimene mukukumana nazo a Nangozo, chifukwa inenso ndinadutsa momwemo. Za jakisoni sindikudziwa, koma ufa wa collagen ndakhala ndikumwa kwa miyezi isanu ndi iwiri, supuni imodzi m'mawa uliwonse. Zikhadabo zanga zinasiya kuthyoka, ndipo anthu akundiuza kuti nkhope yanga yasalala. Thukuta la usiku lokha silinasinthe. Ine ndikuona kuti ufawo mukhoza kuyamba, popeza mwaugula kale.

NamwinoWakale
Amayi, ndagwira ntchito ya unamwino zaka zoposa 30 ndisanapume, ndipo pempho langa loyamba ndi lakuti musadzibaye chinthu chimene wopanga wake walemba yekha kuti si cha anthu. Amene walemba mawu amenewo akudziteteza kuti mukadwala musakhale ndi pomugwira. Ndilinso ndi funso limene ndimafunsa mayi aliyense wa msinkhu wanu: chisiyireni kusamba, kodi munaonapo magazi ena alionse, ngakhale timadontho tochepa? Mukandiyankha zimenezo ndidzanena zina.

Mphunzitsi_Sayansi
Ndimaphunzitsa Biology ku sekondale, ndipo ndikuona kuti chimene chikusokoneza anthu ambiri ndi liwu lakuti peptide lenilenilo, chifukwa ogulitsa amalitchula ngati dzina la mankhwala amodzi. Thupi limamanga mapuloteni polumikiza timagawo totchedwa amino acid, monga momwe mayi amatungira mikanda pa ulusi. Mikandayo ikakhala mazanamazana timati puloteni, koma ikakhala yochepa, kuyambira iwiri mpaka pafupifupi 50, timati peptide. Choncho kufunsa ngati ma peptide amathandiza kuli ngati kufunsa ngati mapiritsi amathandiza. Yankho lake limadalira kuti tikunena ati, a matenda anji.

Alipo ma peptide amene ndi mankhwala enieni, ndipo amayi ambiri pagulu lino anabayidwapo osadziwa. Jakisoni wa oxytocin amene anamwino amabaya mayi akangochira kuti asataye magazi ambiri ndi peptide ya ma amino acid 9. Insulin ya odwala shuga ili ndi 51. Ulinso wina wotchedwa teriparatide umene unavomerezedwa ku America mu 2002 kuti uzithandiza amayi amene mafupa awo afooka kwambiri. Onsewa anayesedwa pa anthu ambiri, mlingo wake ukudziwika, ndipo kuipa kwake kunalembedwa poyera.

Taonaninso kuti onse atatuwa sakhala akumwa. Chifukwa chake n'chakuti m'mimba ndi m'matumbo muli timadzi togaya mapuloteni, ndipo timadziti sitisiyanitsa peptide yodula ndi nyemba za kumsika. Mukamwa ufa wa collagen, puloteni imene imalimbitsa khungu ndi mafupa, gawo lalikulu limaduliwa n'kukhala ma amino acid wamba amene thupi limatumiza kulikonse kumene likufuna. N'zoona kuti tizidutswa tina tating'ono timafika m'magazi tisanadulidwe, ndipo asayansi ena akuganiza kuti timadzutsa maselo a khungu kuti apange collagen yambiri, koma kuchoka pamenepo kufika ponena kuti ukalamba wa maselo wachedwa pali mtunda wautali kwambiri.

AchemwaliAkuJoni
Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, zimene mukunenazo ndi za m'mabuku akale. Kuno ku Johannesburg amayi ambiri ophunzira akugwiritsa ntchito ma peptide, ndipo ine ndimawaona ndi maso anga. Epitalon inapangidwa ndi pulofesa wa ku Russia, ndipo nkhani ya ma telomere imene mankhwalawa amakonza inalandira mphoto ya Nobel. Kodi anthu a Nobel nawonso ndi onama? Chimene chimandipweteka ine n'chakuti mayi wa ku Malawi akafuna kudzisamalira, aliyense amathamangira kumuletsa, koma akamavutika usiku wonse palibe amene amamufunsa.

Mphunzitsi_Sayansi
Achemwali, mawu anu omalizawo ndi oona ndipo sindingatsutse. Koma tiyeni tione za Nobel bwinobwino, chifukwa pamenepo ndi pamene ogulitsa amasakaniza choona ndi chongoganizira.

Mu 1961 wasayansi wina wa ku America, Leonard Hayflick, anapeza kuti maselo a munthu akamaleredwa mu labu amagawikana maulendo pafupifupi 50 kenako n'kusiya. Pambuyo pake zinadziwika kuti kumapeto kwa ulusi wa chibadwa umene uli mu selo lililonse kuli kachigawo kotchedwa telomere, kamene kamagwira ntchito ya mpendero wa chitenje, kuteteza kuti ulusi usamayoyoke. Selo likagawikana mpenderowo umafupika pang'ono, ndipo ukafupikitsa selo limaleka kugawikana. Mphoto ya Nobel ya 2009 inapita kwa Elizabeth Blackburn, Carol Greider ndi Jack Szostak chifukwa chofotokoza za ma telomere ndi telomerase, chinthu chimene chimawatalikitsanso. Mphotoyo sinapite kwa Epitalon kapena kwa mankhwala ena alionse ogulitsa.

Epitalon ndi peptide ya ma amino acid 4 yochokera ku gulu la Vladimir Khavinson ku St Petersburg. Mu 2003 gulu limeneli linalemba kuti mankhwalawa anadzutsa telomerase m'maselo a munthu oleredwa m'mbale ya mu labu. Zambiri zimene zinalembedwa za Epitalon zinachokera ku gulu lomwelo, ndipo zambiri mwa izo ndi za maselo a m'mbale, mbewa ndi makoswe a mu labu. Palibe kafukufuku wamkulu wa anthu ena odziimira paokha woonetsa kuti mayi amene wasiya kusamba akabayidwa amakalamba mochedwa.

Palinso chimene chimandidetsa nkhawa koposa. Kuleka kugawikana kwa selo lokalamba ndi njira imodzi imene thupi limadzitetezera ku khansa, ndipo mwa makhansa 100 alionse, 85 mpaka 90 amadalira telomerase yomweyo kuti azikula mosalekeza. Sindikunena kuti Epitalon imayambitsa khansa, chifukwa zimenezo sizinaonetsedwe. Ndikunena kuti ngati mankhwalawa amachitadi zimene ogulitsa akunena, ndiye kuti akukhudza malo oopsa kwambiri m'thupi, ndipo amayenera kuyesedwa mosamala kuposa mankhwala ena onse asanafike m'chikwama cha munthu.

Ndisabise mbali inayo: mu 2016 ofufuza a ku yunivesite ya UCLA anapeza kuti zizindikiro za ukalamba m'magazi zimafulumira mayi akasiya kusamba. Choncho zimene a Nangozo akumva m'thupi si zongoganiza. Vuto lilipo ndithu, kungoti kabotolo aka sikanaonetse kuti ndiko yankho lake.

AchemwaliAkuJoni
Ndiye tidikire zaka 20 kuti azungu amalize kafukufuku wawo, ife titakalamba kale?

Wamankhwala_LL
Ndimagwira ntchito ku famase ku Lilongwe, ndipo ndiyankhe funso la achemwali kuchokera mbali ya katundu weniweniyo. Ngakhale Epitalon ikanakhala yabwino, funso langa likanakhala lakuti m'kabotolomo muli chiyani. Mankhwala obaya amapangidwa m'nyumba zaukhondo wapadera, ndipo gulu lililonse limayesedwa ngati mulibe tizilombo kapena poizoni amene tizilombo timasiya tikafa. Katundu wolembedwa kuti ndi wa kafukufuku samangidwa ndi malamulo amenewo. Mlingo ukhoza kuchepa kapena kuchuluka, mukhoza kukhala zinthu zina zosalembedwa, ndipo wodzibaya kunyumba amasungunula yekha ufawo ndi madzi amene sakudziwa ukhondo wake. Zotsatira zake zikhoza kukhala chithupsa pamalo obaya, kutupa kwadzidzidzi kwa thupi, ngakhale matenda a m'magazi. Ganiziraninso za kutentha. Oxytocin amene aphunzitsi atchula timamusunga mu firiji chifukwa amatha mphamvu akatenthedwa, nanga kabotolo kamene kayenda masiku awiri kapena atatu pansi pa basi kudzera ku Beitbridge, Tete ndi Mwanza?

Mu 2023 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linaika Epitalon ndi ma peptide ena monga BPC-157 ndi GHK-Cu yobaya pa mndandanda wa zinthu zimene linati zikhoza kukhala zoopsa ngati mafamase azisakaniza n'kumapatsa anthu, ndipo chifukwa china chinali kusowa kwa umboni wakuti n'zotetezeka. BPC-157 ndi yoletsedwanso kwa ochita masewera kuyambira 2022. Kuno kwathu mankhwala amayenera kulembetsedwa ku bungwe la PMRA asanagulitsidwe, ku South Africa ku SAHPRA, ku Zambia ku ZAMRA. A Nangozo, funsani mnzanuyo nambala ya kalembera wa mankhwalawo ku limodzi mwa mabungwe amenewa, ndipo yankho lake likuuzani zambiri.

MayiWaAtatu
Za jakisoni ndamva, ndipo sindingayese. Koma nanga ufa umene ndikumwa ine, kodi mukutanthauza kuti ndangotaya ndalama zanga miyezi yonseyi? Zikhadabo ndi zanga, ndipo ndikuona kusintha.

Wamankhwala_LL
Amayi a ana atatu, ufa wa collagen suli m'gulu limodzi ndi jakisoni uja, ndipo sindikufuna kuti mawu anga amveke choncho. Kwa anthu ambiri ufawu ndi chakudya chosaopsa, chopangidwa kuchokera ku zikopa za ng'ombe, za nkhumba kapena za nsomba. Ndipo chifukwa chimene amayi amaufunira ndi chomveka, pakuti mayi akasiya kusamba homoni ya chikazi yotchedwa estrogen imachepa, ndipo ikachepa khungu limataya collagen mofulumira, mwina mpaka magawo 30 pa 100 alionse m'zaka zisanu zoyambirira.

Umboni wake ndi wosakanizika. Ku Freiburg m'dziko la Germany kunachitika kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2018, wa amayi 131 osiya kusamba amene mafupa awo anali atayamba kupepuka. Ena ankamwa magalamu 5 a collagen peptides tsiku lililonse kwa miyezi 12, ena ankamwa ufa wopanda mankhwala, ndipo pomaliza amene ankamwa collagen anapezeka kuti mafupa a msana ndi a m'chiuno alemerako pang'ono. Zimenezo n'zolimbikitsa, koma amayiwo anali ochepa, chimene anayeza ndi kulemera kwa fupa osati kuchepa kwa anthu othyoka, ndipo kampani yopanga ufawo inaikapo ndalama.

Pa za khungu, mu 2025 ofufuza a ku South Korea anasonkhanitsa makafukufuku 23 a anthu oposa 1,400. Ataphatikiza onse pamodzi zinaoneka ngati collagen imachepetsa makwinya ndi kuuma kwa khungu. Koma atapatula amene sanalipiridwe ndi makampani, komanso amene anachitika mwaluso kwambiri, phindu lija silinaonekenso. Ine zimenezi ndimazitenga motere: ngati muli nazo ndalama ndipo mukuona kuti zikukukomerani, sindingakuletseni, koma sindingauze mayi kuti achepetse ndiwo za pakhomo kapena asiye kugula mankhwala a BP kuti apeze ufa umenewu. Ndipo palibe mwa makafukufuku amenewa amene anaonetsa kuti maselo akalamba mochedwa.

Chenjezo limodzi: maufa ambiri amasakanizidwa ndi vitamini wochuluka wotchedwa biotin chifukwa cha tsitsi ndi zikhadabo. Biotin amasokoneza zotsatira za magazi, makamaka poyeza chithokomiro ndi mtima, ndipo FDA inachenjeza za zimenezi mu 2017. Mukamakayezetsa magazi, uzani adokotala kuti mukumwa.

Abiti_waku_Mangochi
Zikomo a Wamankhwala potchula za nkhumba, chifukwa ine ndine Msilamu ndipo sindinkadziwa. Mwana wa mchemwali wanga ananditumizira chitini kuchokera ku Durban ndipo ndamwa kale theka. Ndachiyang'ana tsopano lino, palembedwa mawu akuti bovine. Kodi zimenezo zikutanthauza chiyani?

Wamankhwala_LL
Bovine ndi ya ng'ombe, porcine ndi ya nkhumba, marine ndi ya nsomba. Yanuyo si ya nkhumba, Abiti, koma ngati mukufuna kutsimikiza za kazingidwe ka ng'ombeyo yang'anani chidindo cha halaal pachitinipo. Amene thupi lawo limadana ndi nsomba apewe ya marine.

GogoNabanda
Ana anga, ine ndili ndi zaka 68 ndipo mdzukulu wanga ndi amene akundilembera. Ndamvetsera zonse, ndipo ndikudabwa kuti tikugula m'chitini chimene tinkaphika pa mafuwa. Ngati collagen imachokera ku chikopa ndi mitsempha ya ng'ombe, nanga msuzi wa mang'ina umene umagwirana ukazizira ndi chiyani? Nanga zipalapasiro za nkhuku? Usipa, matemba ndi bonya timadya ndi minga yomwe, ndipo anamwino akale ankatiuza kuti m'minga imeneyo ndi mmene muli zolimbitsa mafupa. Malambe ndi magwafa zili pakhomo.

Koma chimene ndikufuna kunena kwenikweni ndi china. Mtsikana akatha msinkhu timamuitanira anamkungwi. Akamakwatiwa timamulangiza. Akatenga mimba yoyamba timamulangizanso. Koma mayi akasiya kusamba palibe amene amamukhazika pamphasa kuti amuuze zimene zikubwera. Ine thupi litayamba kutentha usiku ndinkaganiza kuti ndi malungo, ndipo ndinayezetsa kangapo osapezeka kanthu, mpaka ndinayamba kukayikira abale anga kuti andilodza. Anthu ena kumudzi amanenanso kuti magazi amene asiya kutuluka amaunjikana m'mimba n'kudwalitsa mwamuna, ndipo mabanja ena amasiyana mphasa chifukwa cha bodza limeneli. Pamene palibe mlangizi, wogulitsa ndi amene amakhala mlangizi.

Mphunzitsi_Sayansi
Agogo anena zoona pa za msuzi wa mang'ina: chimene chimagwirana chija ndi collagen yophika, ndipo ufa wa m'chitini ndi yomweyo yodulidwa tizidutswa tating'ono. Ndionjezere kuti thupi silingamange collagen yakeyake popanda vitamini C, choncho malambe ndi magwafa amene atchulawo ali ndi ntchito yeniyeni.

MayiWaAtatu
Agogo, za kusowa kwa alangizi ndikugwirizana nanu ndi mtima wonse. Koma pa za chakudya ndikusiyana nanu pang'ono. Amayi anga anadya usipa moyo wawo wonse, analima ndi kusinja mpaka ukalamba, koma anapindika msana ndipo anathyoka m'chiuno atangoterereka pakhonde. Sanayendenso mpaka tsiku lawo lomaliza. Choncho tisamanene ngati kuti makolo athu sankavutika. Ankavutika, kungoti ankapirira mwakachetechete. Ine ndikamamwa ufa uja ndimakhala ndikuganiza za iwo.

Nachisale_Leeds
Ndakhala ndikuwerenga kuyambira m'mawa, ndipo ndikuona kuti takambirana kwambiri za zimene sizigwira ntchito koma sitinamuuze mnzathu zimene zimagwira. A Nangozo, zimene mwalemba, thukuta la usiku, kusowa tulo, kupweteka kwa mfundo, kuuma kwa khungu, gwero lake lalikulu ndi kuchepa kwa estrogen. Ine ndinavutika zaka ziwiri ndikugwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba kuno ku Leeds, ndipo ndinawononga ndalama zambiri pa mabotolo a pa intaneti, ma peptide omwe. Pamapeto pake adokotala anandipatsa mankhwala obwezeretsa mahomoni, amene kuno amawatcha HRT: kachigamba komata pakhungu ka estrogen, ndi kapisozi wa progesterone womwa usiku woteteza chiberekero, chifukwa ndikadali nacho. Pasanathe mwezi ndinayamba kugona mpaka kucha.

Ndinkaopa khansa monga aliyense, ndipo ndinafufuza kumene mantha amenewa anachokera. Mu 2002 kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Women's Health Initiative, wa amayi oposa 16,000, anaimitsidwa nthawi yake isanakwane chifukwa amene ankamwa estrogen ndi progestin, mankhwala ofanana ndi progesterone, anapezeka ndi khansa ya m'mawere, sitiroko ndi kuundana kwa magazi mochulukirapo. Pa khansa ya m'mawere, kuchuluka kwake kunali amayi 8 oonjezera pa 10,000 alionse pa chaka. Nkhaniyi inamveka dziko lonse ndipo amayi mamiliyoni anasiya mankhwala. Koma amayi a mu kafukufukuyo anali a zaka 63 tikatengera pakatikati, ambiri atasiya kusamba kalekale. Ataunikanso zotsatirazo, madokotala ambiri tsopano amavomereza kuti kwa mayi wathanzi wosakwana zaka 60, kapena amene sipanathe zaka 10 chisiyireni kusamba, ubwino wake nthawi zambiri umaposa kuipa kwake. Kafukufuku yemweyo anaonetsanso kuti amene ankamwa mahomoni ankathyoka mafupa mocheperapo, chinthu chimene ufa wa collagen sunaonetsebe.

Sindikunena kuti HRT imabweza utsikana. Ndikunena kuti kuipa kwake kunawerengedwa ndi manambala amene munthu ukhoza kuwaona n'kusankha, pamene kwa kabotolo kaja palibe amene anawerenga.

NamwinoWakale
A Nachisale mwafotokoza bwino, koma tisaiwale kuti inu muli ku UK kumene mankhwala amenewo amapezeka mosavuta. Kuno si chipatala chilichonse chimene chili nawo, ndipo nthawi zambiri munthu amayenera kuonana ndi dokotala wa amayi n'kukagula ku famase. Si aliyensenso amene angalandire. Amene anadwalapo khansa ya m'mawere, amene magazi anaundanapo m'mitsempha, amene anagwapo sitiroko, amene ali ndi matenda a chiwindi, ndi amene akutaya magazi osadziwika chifukwa chake, onsewa ayenera kuunikidwa kaye, ndipo BP iyenera kukhala yowongoka. Ndikuopa kuti wina angawerenge pano n'kuitanitsa zigamba kwa m'bale wa kunja, zimene zingakhale kulakwitsa kofanana ndi kwa jakisoni uja. Alipo mankhwala ena opanda mahomoni amene amachepetsa kutentha kwa thupi, ndipo pa vuto la kuuma kwa kumaliseche, limene amayi ambiri amachita manyazi kulitchula, pali mafuta a estrogen opaka pamalo pomwepo amene amalowa m'magazi pang'ono kwambiri. A Nangozo, funso langa lija simunandiyankhe.

Chiyembekezo_49
Ndakhala chete chifukwa nkhani yanga ndi yovuta kuitchula, koma mwina ithandiza ena. Ndakhala pa ma ARV zaka 14 ndipo msambo wanga wayamba kudumphadumpha. Ndinagula ufa wa collagen wosakaniza ndi calcium ndi magnesium, ndipo ndimamwera pamodzi ndi piritsi langa m'mawa ndisanadye kanthu. Kodi pali vuto?

Wamankhwala_LL
Mwachita bwino kwambiri kufunsa, amayi, ndipo yankho ndi lakuti inde, pakhoza kukhala vuto. Anthu ambiri kuno kwathu anasinthidwa kupita ku piritsi la TLD kuyambira 2019, ndipo m'piritsi limeneli muli dolutegravir. Calcium, magnesium, iron ndi zinc zimagwirana ndi dolutegravir m'matumbo kotero kuti mankhwala ochepa okha ndi amene amalowa m'magazi, makamaka m'mimba mukakhala mulibe chakudya. Njira yotetezeka ndi kumwa piritsi la ARV maola awiri musanamwe ufawo, kapena patatha maola 6 mutaumwa. Vuto si collagen koma zimene asakanizamo. Siyanitsani kuyambira mawa, ndipo mukapita kukatenga mankhwala mutenge chitinicho mukawaonetse, muwauzenso kuti mwakhala mukumwera pamodzi kwa nthawi yaitali bwanji kuti aone ngati n'koyenera kuyeza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi. Nkhawa yanu ya mafupa ndi yomveka, chifukwa tenofovir amene ali m'piritsi lomwelo amapepukitsa mafupa pang'ono mwa anthu ena, koma zimenezo ndi zokambirana ndi a kuchipatala, osati chifukwa chosiyira kapena kudumphitsa mankhwala.

Mphunzitsi_Sayansi
Ndibwerere kwa a MayiWaAtatu pa za amayi awo, chifukwa nkhani imeneyo yandikhudza. Mwa zonse zimene zayesedwa pa mafupa popanda mankhwala, chimene chili ndi umboni wooneka ndi kulimbitsa minofu ndi zolemera. Ku Griffith University ku Australia anatenga amayi 101 osiya kusamba amene mafupa awo anali opepuka. Theka la iwo linkanyamula zitsulo zolemera moyang'aniridwa ndi akatswiri, mphindi 30 kawiri pa sabata kwa miyezi 8, ndipo mafupa a msana wawo analemera ndi pafupifupi magawo atatu pa 100, pamene a anzawo amene ankachita masewera opepuka kunyumba anapepuka. Kuyang'aniridwako n'kofunika, chifukwa kunyamula mowerama molakwika, monga timachitira ndi ndowa kapena thumba, kukhoza kuvulaza msana wofooka. Minofu yolimba imathandizanso kuti munthu asagwe, ndipo kugwa ndi kumene kumathyola chiuno.

AchemwaliAkuJoni
Ndawerenga zonse ndipo sindikufuna kukangana mpaka usiku. Ndivomereze kuti inenso ndimagulitsako zinthu zimenezi, ndipo za dolutegravir sindinkazidziwa ngakhale pang'ono, pamene ena mwa makasitomala anga ali pa ma ARV. Ndiwaimbira lero lomwe. Za jakisoni ndikafunsa amene amandipatsa katundu za nambala ya SAHPRA, ndipo akalephera kundionetsa sinditenganso. Koma ufa wa collagen ndipitiriza kumwa ndi kugulitsa, chifukwa palibe pano amene wasonyeza kuti ndi woipa, ndipo ndikuonabe kuti tsiku lina sayansi idzatipeza kumene ife tafika kale.

Wamankhwala_LL
Achemwali, ngati mupitiriza kugulitsa ufawo, pempho langa ndi lakuti muziuza anthu kuti ndi chakudya chowonjezera mapuloteni chimene mwina chingathandize khungu, ndipo mawu akuti umachedwetsa ukalamba wa maselo muwachotse pa zimene mumatumiza pa WhatsApp.

Nangozo_52
Ndikuthokoza nonse, sindinkayembekezera kuti anthu ochuluka chonchi angataye nthawi yawo pa nkhani yanga. Jakisoni ndamubwezera mnzanga uja madzulo ano, ndipo sitinayambane. Ufa ndausunga, ndayang'ana pachitini ndipo muli biotin, choncho ndiyamba ndayezetsa magazi ndisanautsegule. A NamwinoWakale, pepani kuti ndinazengereza kukuyankhani. Ndinachita manyazi, komanso ndinkaopa yankho lanu. Zoona zake n'zakuti mwezi wathawu ndinaona timagazi pang'ono kwa masiku awiri, kenako tinasiya tokha. Popanda ululu uliwonse. Mnzanga uja anandiuza kuti ndi chizindikiro chakuti thupi likadali ndi mphamvu, ndipo kunena zoona ndi chimene chinandikopa kuti mwina ma peptide angandibwezeretse mwakale.

NamwinoWakale
Zikomo pondiyankha, mwana wanga, ndipo musachite manyazi. Magazi alionse amene aoneka patatha miyezi 12 chisiyireni kusamba ayenera kuunikidwa, ngakhale atakhala dontho limodzi, ngakhale atasiya okha. Amayi ambiri amene amabwera ndi vuto limeneli sapezeka ndi khansa; kawirikawiri chimakhala kupyapyala kwa khungu la m'kati chifukwa cha kuchepa kwa estrogen, kapena kachotupa kosaopsa kamene amachotsa mosavuta. Koma mwa ena ndi chizindikiro choyamba cha khansa ya m'chiberekero kapena ya khomo la chiberekero, imene dziko lathu lili m'gulu la maiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse, ndipo ikapezeka msanga imachizika. Pitani sabata ino ku chipatala chachikulu cha Zomba kapena kwa dokotala wa amayi amene mungamufikire, ndipo mukanene mawu awa momveka: ndinasiya kusamba chaka ndi miyezi inayi yapitayo, ndipo mwezi watha ndinaona magazi. Kuyeza khomo la chiberekero ndi viniga kokha sikokwanira pa msinkhu wanu, chifukwa malo amene amayang'ana amakhala atalowa m'kati, choncho mupemphe kuti aunikenso chiberekero ndi sikani. Za HRT mukafunse pa ulendo womwewo, koma sadzakuyambitsani mpaka chifukwa cha magaziwo chitadziwika. Mutenge buku lanu la kuchipatala, ndipo ngati n'kotheka mupite ndi munthu wokuperekezani.

Nangozo_52
Ndamva, amayi. Ndapempha kale tchuthi cha Lachitatu kuntchito, ndipo mng'ono wanga wavomera kundiperekeza.